Kuchoka pa ntchito ya makompyuta kupita ku zoulutsa mawu ndi kanema: ndiyambire pati?

Wamanetiweki analemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mwagwirapo ntchito ya uinjiniya m'nyumba zoulutsira mawu ndi kanema. Ine ndinaphunzira za makompyuta, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyang'anira netiweki, maseva ndi chitetezo cha makompyuta pa kampani ina imene ntchito yake sikhudzana n'komwe ndi zoulutsa. Posachedwapa ndaona kuti nyumba za wailesi yakanema zikamalengeza kuti zikufuna injiniya, zimatchula zinthu zimene ndimazigwira tsiku ndi tsiku, monga IP, VLAN, multicast ndi Linux, pamodzi ndi zina zimene ndimangozimvera kwa ena, monga SDI, SMPTE ST 2110 ndi PTP. Zimenezi zandipatsa maganizo akuti mwina khomo lolowera kumeneko ndi lotseguka kwa munthu wonga ine, koma sindikufuna kusiya ntchito imene ndaizolowera chifukwa chongokopeka ndi mawu a m'zilengezo.

Palinso nkhani ina. Wailesi ina ya m'dera, imene imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, yandipempha kuti ndiziwathandiza kumapeto kwa sabata, chifukwa kompyuta yawo yoseweretsera nyimbo ndi mapulogalamu imawavuta kawirikawiri ndipo alibe munthu woiyang'anira. Mtima wofuna kuthandiza ndili nawo, koma ndikudzifunsa ngati ntchito yotereyi ingandiphunzitse kanthu kothandiza pa cholinga changa, kapena ingangondidyera nthawi imene ndikanaithera pa maphunziro a satifiketi.

Choncho ndikufuna kudziwa kuti luso la munthu wa makompyuta limamufikitsa pati akalowa m'situdiyo, chimene ayenera kuyamba kuphunzira, komanso mmene inu mumaionera ntchito yongodzipereka ku wailesi yaing'ono.

Mkulu_wa_Situdiyo anayankha:

Achimwene, ntchito imene ine ndinailowa inali ya nthambo za coax, ndipo imene ndikuwasiyira achinyamata ndi ya ma switch, kotero mbali zonse ziwiri ndaziona. Zimene mukudziwazo zidzakuthandizani ndithu, koma dziwani kuti chimene chimasiyanitsa ntchito ziwirizi kwenikweni ndi nthawi. Mu ofesi, paketi ikasochera pa netiweki, TCP imaitumizanso, ndipo wolandira imelo sadziwa n'komwe kuti panachitika kanthu. Pa kanema woulutsidwa pompopompo, m'maiko amene amagwiritsa ntchito zithunzi 25 pa sekondi, chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi 40 okha, ndipo paketi yofika mochedwa ilibe kusiyana ndi yotayika, chifukwa woonera waona kale chithunzi chikuduka kapena wamva mawu akuthetheka.

Kuti mumvetse chifukwa chake ST 2110, muyeso wotumizira kanema ndi mawu pa netiweki ya IP m'situdiyo, ili mmene ililimu, muyambe mwamvetsa chimene inabwera kudzalowa m'malo mwake. Chimenecho ndi SDI, imene inakhazikitsidwa mu 1989 ndi SMPTE, bungwe la mainjiniya a kanema loika miyeso ya ntchitoyi, ndipo mfundo yake ndi yosavuta: nthambo imodzi ya coax ya maohm 75, yokhala ndi BNC kumapeto, imanyamula kanema mmodzi wosapanikizidwa, kulowera mbali imodzi yokha, mawu ali momwemo. Yoyambayo inkanyamula mamegabiti 270 pa sekondi, ya HD imanyamula magigabiti 1.485, ndipo 12G-SDI ya UHD imafika pafupifupi magigabiti 12. Ubwino wake unali wakuti kanema akasowa, munthu ankatsata nthambo ndi dzanja mpaka kupeza pamene pavuta. Makamera ndi makina onse a m'situdiyo ankalandira kugunda kumodzi kuchokera ku sync generator, kuti wosakaniza zithunzi akachoka pa kamera ina kupita pa ina, chithunzi chisadumphe.

ST 2110, imene zigawo zake zoyamba zinatuluka mu 2017, inagawa zimene zinali m'nthambo imodzi zija. Kanema amayenda payekha, mawu payekha motsatira AES67, ndipo zina zoonjezera monga mawu olembedwa a anthu osamva zimayendanso pazokha, zonsezo pa RTP, njira yonyamulira kanema ndi mawu pa netiweki, ndi multicast, imene imatumiza mtsinje umodzi kwa olandira ambiri. Apa ndi pamene inu mudzaposa ife akale, chifukwa IGMP, PIM ndi QoS ndi chinenero chanu. Koma tawerengani nokha kukula kwake: madontho 1920 kuchulukitsa ndi 1080, kuchulukitsanso ndi zithunzi 25 ndi mabiti 20 pa dontho, mupeza kuti kanema mmodzi yekha wa HD akupitirira gigabiti imodzi pa sekondi, kutanthauza kuti doko la gigabiti limene mumalidalira mu ofesi silinganyamule ngakhale kamera imodzi. N'chifukwa chake m'situdiyo zatsopano mumapezeka madoko a magigabiti 10, 25 ndi 100, ndipo switch imene IGMP snooping yake, imene imatumiza mtsinje ku madoko okhawo amene aupempha, sinakonzedwe bwino imatha kuthira mtsinje wonsewo pa doko lililonse n'kuzimitsa nyumba yonse.

Chimene ndimawauza anthu ochokera ku makompyuta kuti achiphunzire mofatsa ndi PTP, njira yogwirizanitsira mawotchi a makina pa netiweki, ya IEEE 1588, imene SMPTE inaikonzera malamulo ake mu ST 2059. Popeza kanema ndi mawu tsopano amayenda mosiyana, chimene chimawalumikizanso pofika ndi chidindo cha nthawi, ndipo makina onse ayenera kugwirizana pa wotchi imodzi mosapitirira gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. NTP imene mwaizolowera, imene imakhutira ndi mamilisekondi, siingakwanitse zimenezi. Mudziwe mmene grandmaster, wotchi yaikulu imene makina onse amatsatira, imasankhidwira, chifukwa chake imamangiriridwa ku GPS, ntchito ya boundary clock mu switch, komanso chimene chimachitika ngati makina ena osayenera adzilengeza kuti wotchi yawo ndiye yolondola. Mavuto ambiri amene amaoneka ngati a kamera kapena a mixer gwero lake limakhala pamenepa. Muwerengenso ST 2022-7, imene imatumiza paketi iliyonse kawiri pa manetiweki awiri osiyana, kuti wolandira atenge imene yafika bwino popanda kupempha kuti itumizidwenso.

Chotsala ndi khalidwe, ndipo limeneli silipezeka m'mabuku. Mawu akuti tazimitsani n'kuyatsanso, amene amathetsa theka la madandaulo a mu ofesi, sanenedwa m'chipinda cha master control, choyang'anira zonse zimene zikuulutsidwa, nkhani zili pakati. Kusintha kulikonse kumadikira nthawi imene oonera ali ochepa, kumalembedwa kusanachitike, ndipo kumakhala ndi njira yobwerera. Anthu a makompyuta amene ndinawaona akuvutika kwathu kuno sanali osadziwa ntchito, koma ankachedwa kuvomereza kuti masekondi khumi a chete pa wailesi ndi nkhani yokafika kwa bwana wamkulu.

NaMafunde anayankha:

Bambo Mkulu_wa_Situdiyo afotokoza bwino, ndipo pa za nthawi sindingawatsutse. Ine ndinalowa ntchitoyi kuchokera ku makompyuta ngati mmene inu mukufuniramu, achimwene, ndipo ndisiyana nawo pang'ono pa funso la poyambira. ST 2110 ndi kumene ntchito ikulowera, koma nyumba zambiri zoulutsira, makamaka zazing'ono ndi zapakati, zikadali pa SDI kapena zikusakaniza zonse ziwiri, popeza makina amenewa ndi okwera mtengo ndipo sasinthidwa pokhapokha atatha. Pa tsiku lanu loyamba n'kutheka kuti simudzakumana ndi grandmaster, koma mudzakumana ndi fayilo ya pulogalamu imene seva ya playout, yoseweretsa zimene zikuulutsidwa, yaikana patatsala mphindi zochepa kuti iulutsidwe.

Choncho yambani ndi mafayilo ndi kapanikizidwe ka kanema, zimene mungaziphunzire pa kompyuta yanu popanda kugula kanthu. Tengani ffmpeg ndi ffprobe, mapulogalamu osinthira ndi kusanthulira mafayilo a kanema ndi mawu, ndipo muzolowere kusiyanitsa chotengera, monga MXF kapena MP4, ndi codec, njira yopanikizira kanema wa m'kati mwake, monga MPEG-2, H.264 kapena HEVC. Mumvetse kusiyana kwa 1080i ndi 1080p, chimene GOP ili, ndi chifukwa chake kanema wojambulidwa pa foni, amene chiwerengero cha zithunzi zake pa sekondi chimasinthasintha, amasokoneza makina oulutsira. Kenaka phunzirani MPEG transport stream, ya mapaketi a mabaiti 188, pamodzi ndi matebulo ake a PAT ndi PMT, chifukwa ndiyo imanyamula matchanelo angapo pa funde limodzi pa setilaiti ndi pa wailesi yakanema ya dijito. Pangano la ku Geneva la mu 2006 la ITU, bungwe la United Nations loona za mafunde ndi zolumikizana, linaika 17 June 2015 ngati tsiku lomaliza loteteza kanema wa analogi pa mafunde a UHF ku Ulaya, ku Africa ndi ku Middle East, ndipo maiko ambiri a m'chigawochi anasankha muyeso wa kanema wa dijito wa DVB-T2. Kusintha kumeneku n'kumene kunachulukitsa maseva, ma encoder ndi ma multiplexer m'malo amene kale munali mainjiniya a zamagetsi okhaokha.

Potumiza kanema kuchokera kumalo a zochitika kudzera pa intaneti wamba, phunzirani SRT, imene kampani ya Haivision inaitsegulira aliyense mu 2017. Imeneyi imayenda pa UDP koma imapempha mapaketi otayika kuti atumizidwenso m'kati mwa nthawi yochedwetsa imene inu mwaisankha, ndipo ndi phunziro labwino la mmene kuchedwa ndi kudalirika zimagulirana malo. Ndi OBS Studio, makompyuta awiri ndi Wireshark mukhoza kudzionera nokha zonsezi.

Musanyoze mawu, ngakhale anthu a makompyuta ambiri amathamangira chithunzi. Woonera amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma sapirira mawu osagwirizana ndi milomo, ndipo kafukufuku wa ITU anasonyeza kuti khutu limazindikira msanga mawu akatsogola, pa mamilisekondi pafupifupi 45, kusiyana ndi akatsalira, pa mamilisekondi pafupifupi 125. Palinso muyeso wa kukwera kwa mawu, EBU R128, umene umaika pulogalamu pa -23 LUFS n'cholinga choti malonda asamabangule kuposa pulogalamu imene aidula.

Mphatso yaikulu imene mudzabweretse ndi chitetezo. Mu April 2015, anthu anathyola netiweki ya wailesi yakanema ya TV5Monde ku France n'kuzimitsa matchanelo ake kwa maola ambiri, ndipo mu February 2013 wailesi yakanema ya KRTV ku Montana, ku America, inaulutsa chenjezo labodza lakuti akufa akudzuka m'manda, chifukwa makina a machenjezo a ngozi m'nyumba zingapo anali osatetezedwa mokwanira. Makina ambiri oulutsira amayendera Windows kapena Linux yakale imene wopanga makinawo salola kuti muikonze mwa inu nokha, kotero nzeru yanu yogawa netiweki, yotseka madoko ndi yoletsa makina otere kuonekera pa intaneti ndi yofunika kwambiri. Apa ndi pamene mudzakangane ndi akale, chifukwa iwo amaopa kukhudza chimene chikugwira ntchito, pamene inu mumaopa kuchisiya chosakonzedwa, ndipo onse awiri muli ndi mfundo.

Za masatifiketi, ngati muli kale ndi ya netiweki monga CCNA, imeneyo ikukwanirani kutsegula khomo. Society of Broadcast Engineers ya ku America ili ndi ya CBNT yokhudza netiweki ya zoulutsa, ndipo SMPTE imaphunzitsa za ST 2110 pa intaneti, koma pa mafunso olembera ntchito amakonda kufunsa chimene mungachite chithunzi chikada mwadzidzidzi, ndipo yankho lake limachokera m'manja, osati pa pepala.

Mlonda_wa_Mlongoti anayankha:

Akuluakulu awiriwa akamba za wailesi yakanema, ine ndiyankhe za wailesi ya m'dera ija, popeza ndi kumene ndimathera nthawi yanga yopuma. Pitani, achimwene, musazengereze. Pa nyumba yaikulu mudzapatsidwa kagawo kamodzi ka ntchito, ndipo mwina padzatha zaka musanaone transmitter ndi maso. Pa wailesi yaing'ono njira yonse ili pamaso panu, kuyambira pa maikolofoni, kudutsa pa mixer, pa kompyuta ya playout, pa processor ya mawu, pa cholumikizira situdiyo ndi transmitter, mpaka pa mlongoti, ndipo chikavuta chimodzi palibe dipatimenti ina yoikankhira mlandu.

Kumeneko mudzaphunzira zimene sizili m'maphunziro a makompyuta. Mudzadziwa chifukwa chake nthambo ya XLR ya mawaya atatu siitola phokoso pamene ya mawaya awiri imalitola, ndi mmene mungapezere gwero la kulira kwa magetsi kumene kumalowa m'mawu makina awiri akalumikizidwa ku nthaka m'njira zosiyana. Mudzadziwa kuti nthambo ya transmitter ya FM ndi ya maohm 50, osati 75 ya kanema ija, ndi kuti chiwerengero cha reflected power, mphamvu yobwerera ku transmitter kuchokera ku mlongoti, chikayamba kukwera, ndiye kuti madzi alowa m'cholumikizira kapena mlongoti wavulala, ndipo mukachedwa transmitter idzadziteteza pochepetsa mphamvu kapena idzapsa. Mudzaphunziranso kulemekeza mphenzi ndi magetsi osakhazikika, amene amapha makina ambiri kuposa ma virus.

Pali malire awiri amene sindifuna kuti muwadumphe ngakhale akukakamizeni. Musakwere mlongoti popanda maphunziro ndi zida zake, ndipo musayandikire antenna ikuulutsa, chifukwa mafunde amphamvu amawotcha thupi. Chachiwiri, musakhudze mphamvu ya transmitter kapena funde limene wailesiyo inapatsidwa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, popeza zimenezo zili mu laisensi yochokera ku bungwe loyang'anira mafunde m'dzikomo. Pamwamba pang'ono pa 108 MHz pamayambira mafunde othandiza ndege potera, ndipo transmitter yokankhidwa mopyola muyeso imatha kutayira phokoso kumeneko.

Koma nkhani imene ndikufuna muiganizire kwambiri ndi ya mtundu wa thandizo limene mudzapereke. Ndaona akatswiri a mtima wabwino akufika pa wailesi yaing'ono, n'kumanga dongosolo lokongola la maseva ndi ma script amene amawamvetsa okha, kenaka n'kusamuka kapena kutanganidwa ndi ntchito ina, wailesi n'kutsala ndi makina amene palibe wolimba mtima kuwakhudza. Muulutsi wa m'bandakucha, amene ali yekha m'situdiyo ndipo sadziwa Linux, ndiye muyeso wa chilichonse chimene mungaike. Mapulogalamu aulere monga Rivendell, LibreTime, Audacity ndi Icecast ndi abwino, koma musankhe amene anthuwo angawaphunzire, mulembe malangizo achidule n'kuwamata pafupi ndi mixer, muike chizindikiro pa nthambo iliyonse, ndipo mawu achinsinsi, dzina la webusaiti ndi maakaunti onse zikhale m'dzina la wailesi, osati lanu. Mupezenso wachinyamata mmodzi kapena awiri oti azigwira nanu, ndipo nthawi zina muziwasiya akonze okha inu mukuyang'ana. Mugwirizanenso ndi komiti kuyambira pachiyambi za maola amene mungapezeke, chifukwa wongodzipereka amene sanaike malire amatopa msanga n'kuchoka mokhumudwa.

Ndionjezere kuti mawailesi otere si masewera. Ali ndi bungwe lawo la dziko lonse, AMARC, limene linayambira ku Montreal mu 1983, ndipo m'madera ambiri ndiwo amene amalengeza za katemera, za nyengo ndi za ngozi m'chinenero chimene anthu amamva. Mukapita ndi maganizo ongokaphunzirirapo, iwo adzazindikira.

Wamanetiweki anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndaganiza zovomera pempho la wailesi ija, ndipo ffmpeg ndayamba kale kuiyesa. Pa zimene anandiuza, vuto lawo lalikulu ndi lakuti kompyuta ya playout imaima usiku pamene mulibe munthu, ndipo wailesi imakhala chete mpaka m'mawa. Maganizo anga oyamba anali oika seva yachiwiri yoti izitenga ntchito yokha, koma nditawerenga zimene a Mlonda_wa_Mlongoti alemba ndayamba kukayika. Kodi inu mukanayambira pati?

Mkulu_wa_Situdiyo anayankha:

Seva yachiwiri ibwere pambuyo, achimwene, ngati idzafunike n'komwe. Choyamba ndi silence detector, kachipangizo kamene kamamvetsera mawu opita ku transmitter, ndipo kakamva chete kwa masekondi amene mwakauza, mwachitsanzo 20 kapena 30, kamasinthira ku gwero lina, monga choseweretsa nyimbo cha pa memory card, mpaka mawu a situdiyo atabwerera. Ma processor ena a mawu ndi ma codec ena ali nako kale m'kati, kotero yambani mwaona mabuku a makina amene alipowo. Kakhale kunja kwa kompyuta imene ikuvutayo, makamaka kumbali ya transmitter, chifukwa pulogalamu yolondera imene ili mu kompyuta yomweyo imafa nayo limodzi. Nthawi yodikira musaifupikitse kwambiri, kuopa kuti kangamadule wolankhula amene wangopuma kapena nyimbo yoyamba motsitsa.

Mukatero, fufuzani chimene chikuimitsa kompyutayo, ndipo apa muli pa bwalo lanu. Onani ngati imaima pa ola limodzimodzi, chifukwa zikatero wolakwa amakhala Windows Update, antivirus imene ikusanthula mafayilo a nyimbo, kapena dongosolo losunga magetsi limene limagoneka doko la USB pamene pali sound card. Ngati ola limasinthasintha, yang'anani kutentha, fumbi, thanzi la disiki ndi batire la UPS, ndiponso fayilo yowonongeka imene ili pa mndandanda wa usiku. Kompyuta imeneyo isakhalenso yolembera makalata kapena yolowera pa Facebook, ndipo flash disk ya mlendo isalowemo.

Pomaliza, ikani wailesi wamba yolandirira FM pamalo ena, muilumikize ku kakompyuta kakang'ono kojambula zonse zimene zaulutsidwa ndi kotumiza uthenga ku foni ya woyang'anira pakakhala chete. Kuyang'anira kompyuta ya playout kokha kungakuuzeni kuti zonse zili bwino pamene transmitter inazima kalekale, ndipo zojambulazo zidzawathandizanso ngati laisensi yawo imafuna kuti azisunga zimene aulutsa kwa nthawi yoikika.